Amithenga a Njala ndi Mpeni wa Dotolo

Kwa Mfumu Kakumbi, m'cigwa ca Luangwa, njala si mlendo. Cirala cikaocha cimanga monga mu 2024, kapena njobvu zikalowa m'munda usiku, nkhokwe ikhala yopanda kanthu, ndipo anthu amati m'mimba mwalira cifukwa mulibe nsima. Koma madotolo apeza kuti njala sibwera cifukwa ca cifu copanda kanthu cokha ai. Iri ndi amithenga ace oyenda m'magazi, ochedwa mahomoni, ndipo cimene cinathandiza kuwaonetsa poyera ndico opaleshoni ya anthu onenepa kopitirira muyeso.

Mu 1966 dotolo Edward Mason wa ku Iowa, m'dziko la America, anayamba kudula cifu ca anthu otere, nasiya kathumba kakang'ono kolumikizidwa ku matumbo. Ambiri anayesa kuti wodwala aonda cifukwa kathumbako sikalandira zambiri. Cozizwitsa cinali cakuti odwalawo analeka ngakhale kukhumba cakudya.

Cifukwa cace cinayamba kuoneka mu 1999, pamene Kojima ndi Kangawa a ku Japan anapeza ghrelin, mthenga wocokera makamaka kumtunda kwa cifu. Iye acuruka m'magazi nthawi ya kudya ikayandikira, nauza ubongo kuti munthu afune cakudya. Munthu akadya, acepa. Tsono mu 2002 David Cummings wa ku Seattle anaonetsa kuti amene aonda mwa kudzimana cakudya, ghrelin wao akwera. N'cifukwa cace ambiri a iwo anenepanso, ndipo kuwanena kuti ngofooka mtima ndiko kuwalakwira. Mwa amene anacitidwa opaleshoni, ghrelin anapezeka wocepa ndithu.

Alipo amithenga enanso awiri, GLP-1 ndi PYY, ocokera kumunsi kwa matumbo, amene nchito yao ndiyo kunena kuti cakudya cakwana. Popeza opaleshoni yafupikitsa njira, cakudya cifika kumeneko msanga, iwo acuruka, munthu nakhuta ndi mbamu zowerengeka. GLP-1 athandizanso thupi kuturutsa insulin, kotero kuti mwa ambiri odwala nthenda ya shuga, shuga atsika m'masiku ocepa, thupi lisanaonde n'komwe.

Opaleshoni imeneyi sicitika pa kacipatala ka kwa Kakumbi. Icitika m'zipatala zazikuru monga za ku Johannesburg, ndipo mtengo wace ngwaukuru. Wocitidwayo ayenera kumwa vitamini B12 ndi mankhwala oonjezera magazi masiku onse a moyo wace, ndipo mwa ena njala ija ibweranso patapita zaka.