Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Maphunziro a Oyimba Limba ndi Aphunzitsi a Makwaya mu Mzinda wa Blantyre

Wapampando wa bungwe la oyimba limba ndi aphunzitsi a makwaya, pamodzi ndi komiti yanu yonse,
Abusa, ansembe ndi masisiteri amene mwatilemekeza pobwera,
Mafumu athu,
Akulu ampingo ndi atsogoleri a mabungwe a amayi,
Aphunzitsi amene mwavomera kudzagawa luso lanu,
Oyimba nonse, amayi, abambo ndi achinyamata,



Wapampando, ndikuthokozeni chifukwa cha ulemu umene mwandipatsa. Makolo athu adati ukaipa dziwa nyimbo, koma ena a ife tidasemphana nazo zonse ziwiri, nkhope ndi nyimbo yomwe. Choncho musayembekezere kuti ndikuphunzitsani manotsi. Ndiyankhula m'malo mwa anthu ambirimbiri amene timakhala pabenchi Lamulungu kapena pa Sabata, buku lili m'manja, kudikira kuti wapalimba atipatse poyambira. Inu mukayamba bwino, tchalitchi chonse chimayimba. Mukaphonya, tonse timayang'ana pansi.

Chimene chandisangalatsa polowa muno n'chakuti ndaona a CCAP, Akatolika, a Anglican, a Seventh Day, a Baptist ndi a mipingo ya Pentekosite atakhala benchi limodzi. Pa ziphunzitso timasiyana, koma doh wa Mkatolika ndi doh wa Mpresibateriya ndi mmodzi. Bungwe lanu lapeza malo amene tonse tingakumanepo popanda wina kusiya mpingo wake, ndipo pa ichi chokha mukuyenera kuwomberedwa m'manja.

Uthenga wanga lero ndi umodzi. Dziko lino silisowa anthu a mawu okoma. Pitani pamaliro kumudzi kulikonse, mukamva amayi akugawana mawu, wina pamwamba wina pansi, popanda wowauza. Chimene chikutisowa ndi aphunzitsi, ndipo mipingo yathu siidayikepo mtima. Timachita pepa sande kuti tigule kiyibodi, masipika ndi yunifolomu. Zida zikafika timazipempherera, n'kuzisiya m'manja mwa mnyamata amene palibe adamukhazikapo pansi kumuphunzitsa. Mawa akalakwitsa, ife tomwe timayamba kung'ung'udza. Tikuwononga ndalama zambiri pa zida, pamene munthu wozigwiritsa ntchito sitimuwonongera ngakhale tambala.

Baibulo silitiphunzitsa choncho. Pa 1 Mbiri mutu 15 tikumva za Kenaniya, mkulu wa Alevi, amene adapatsidwa udindo woyang'anira zoyimba chifukwa chakuti ankazidziwa. Pa mutu 25 wa buku lomwelo, Davide akupatula mabanja a Asafu, Hemani ndi Yedutuni kuti ntchito yawo ikhale yoyimba m'nyumba ya Mulungu, ndipo ophunzitsidwa bwino adalipo 288. Pogawana ntchito, mphunzitsi ndi wophunzira ankachita nawo maere limodzi. Kunena kwina, pa Kachisi padali sukulu ya nyimbo. Ngakhale Johann Sebastian Bach, amene dziko lonse limamutama, kuyambira 1723 kufikira imfa yake mu 1750 adali wantchito wa tchalitchi cha St Thomas ku Leipzig, ndipo mbali ina ya ntchito yake idali kuphunzitsa anyamata a pasukulu kuyimba. Katswiri wamkulu chotero adali mphunzitsi wa kwaya ngati inu.

Kuno kwathu nakonso nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Mishoni ya Blantyre idayamba mu 1876. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi M'busa David Clement Scott, amene sadapiteko kusukulu ya zomangamanga, ndipo omanga ake adali anthu akuno amene adaphunzirira ntchitoyo pomwepo. Mu 1907 m'tchalitchimo adayikamo limba, ndipo mu 1954 adalisintha ndi lina. Makolo athu amene adawumba njerwa za tchalitchicho sadabadwe akudziwa kumanga zipilala. Adaphunzitsidwa, ndipo ntchito yawo ikadayimabe mpaka lero.

Momwemonso ndi kuwerenga nyimbo. Njira ya solofa, ya doh, re, mi, idakonzedwa ku England ndi mayi Sarah Glover a ku Norwich, ndipo M'busa John Curwen adayikuza ndi kuyifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840, pofuna kuti ana a Sande sukulu ndi anthu wamba azitha kuyimba kuchokera papepala. Amishoni adabwera nayo, n'kumayiphunzitsa m'sukulu zawo. Ndi chifukwa chake agogo athu ena, amene sukulu adalekezera m'makalasi oyambirira, ankatha kutsegula buku la manotsi n'kuyimba nyimbo imene sadayimvepo. Lero tili ndi achinyamata a madigiri m'makwaya athu, koma ambiri amadikira kuti wina awayimbire kaye mzere uliwonse kuti aloweze. Kusukulu zapulayimale nyimbo zidalowa m'phunziro la Expressive Arts pamodzi ndi zojambula, magule ndi masewera, ndipo nthawi yake ndi yochepa. Mpata umene watsala, ngati mpingo suudzaza, palibe wina adzaudzaze.

Tisaganizenso kuti maphunziro a nyimbo ndi kutsanzira Azungu basi. Kumpoto, ku Loudon komwe timati Embangweni, M'busa Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu a Chingoni ndi Chitumbuka kupeka nyimbo zawozawo, mpaka kumachititsa mipikisano. Anthu ngati Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula adatenga mayimbidwe a makolo awo n'kuyikamo Uthenga Wabwino. Nyimbo zawo zidalowa m'buku la Sumu za Ukristu, ndipo zina zidamasuliridwa m'Chingerezi n'kumayimbidwa kunja kwa dziko lino. Kwa abale athu Akatolika, msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, udatsegula khomo kuti zinenero ndi mayimbidwe a anthu eni ake zilowe mu Misa. Ng'oma ndi visekese zidalowa m'tchalitchi, ndipo masisiteri a Poor Clares ku Lilongwe adaonetsa kuti zimenezi zingachitike mwaulemu ndi mwaluso. Nyimbo zonsezi zatifika chifukwa padapezeka anthu amene adazilemba ndi kuziphunzitsa.

Tsono, Wapampando, ndiloleni nditule pamaso pa bungwe lanu ntchito zinayi.

Yoyamba: phunzitsani kuwerenga, ndipo phunzitsani njira zonse ziwiri. Solofa ndi wabwino kwa woyimba ndi pakamwa, chifukwa amanola khutu ndipo safuna chida chilichonse, choko ndi bolodi basi. Koma wapalimba ayenera kudziwanso manotsi a pamizere isanu, pakuti ndi momwe nyimbo zambiri za limba zidalembedwera. Pano ndinene mosabisa za kiyibodi. Chida chimenechi chathandiza mipingo yambiri imene sikadakwanitsa kugula limba la mapaipi, koma chili ndi mabatani awiri amene alemaza ana athu. Lina ndi la transpose, limene limalola munthu kuyimba nyimbo iliyonse m'kiyi imodzi yokha imene adaloweza. Linalo ndi la mabiti, limene limadziyimbira lokha ng'oma ndi besi. Mnyamata amatha zaka ali pakiyibodi akudziwa makodi atatu okha. Mukamuyika pa limba lopopa ndi mapazi, magetsi atazima, manja amagwa. Bungwe lino limutulutse m'ndende ya kiyi imodzi, adziwe kuyimba mawu onse anayi, sopulano, aluto, tena ndi besi, monga adalembedwera.

Yachiwiri: phunzitsani kutsogolera mpingo. Kwaya ya m'tchalitchi si bandi yodzaonetsa luso kwa anthu ongoonerera. Mphunzitsi wa kwaya wodziwa ntchito amasankha kiyi imene agogo a zaka 70 angafikire, amapereka mpata wopumira pakati pa mavesi, amadziwa kuti nyimbo ya pamaliro siyithamangitsidwa ngati ya paukwati, ndipo amakhala pansi ndi abusa kapena ansembe kuti nyimbo zigwirizane ndi mawu a tsikulo ndi nyengo ya chaka cha mpingo. Amadziwanso kutsitsa masipika. Ngati munthu wa pabenchi sakudzimva mawu ake omwe, amatseka pakamwa, ndipo chipembedzo chimasanduka chionetsero.

Pa mfundo yomweyi pali nkhani ya chinenero chathu. M'Chichewa timakoka mawu pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pamene mayimbidwe ambiri ochokera ku Ulaya amagogomeza phatikizo lomaliza la mzere. N'chifukwa chake omasulira nyimbo za m'mabuku monga Nyimbo za Mulungu ankakakamizika kudula mawu ena kuti akwane m'mayimbidwe achilendo. Mphunzitsi amene akuzindikira zimenezi amathandiza kwaya kutchula mawu momveka, ndipo akamapeka nyimbo yatsopano amalola kuti Chichewa chitsogole, mayimbidwe azitsatira.

Yachitatu: lembani ndi kusunga. M'mipingo yathu muli opeka nyimbo ambiri amene nyimbo zawo zili m'mutu mwawo mokha, kapena m'foni imene mawa ingabedwe. Mwini wake akamwalira, kwaya imatsala ndi sopulano yokha, mawu enawo aliyense akungopeka. Pitani kwa akuluakulu amenewa akadali moyo, muwajambule, mulembe nyimbo zawo m'manotsi, ndipo pamwamba pa pepala lililonse mulembe dzina la wopeka. Dziko lino lili ndi bungwe la COSOMA kuyambira 1992, loteteza umwini wa ntchito zaluso. Thandizani opeka nyimbo athu kudziwa ufulu wawo, ndipo makwaya aphunzire kupempha chilolezo asanajambule nyimbo ya eni ake n'kumayigulitsa.

Yachinayi: samalani zida. Limba la mapaipi limayimba ndi mpweya umene umakankhidwira m'mapaipi ambirimbiri, lililonse ndi liwu lake. Muli matabwa, zikopa ndi zitsulo, ndipo adani ake ndi fumbi, chinyezi, chiswe, mbewa ndi mileme. Likasiyidwa osayimbidwa limawonongeka msanga kuposa likamagwira ntchito. Malimba otere m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo odziwa kuwakonza ndi ochepa zedi. M'masitolo a mipingo yambiri mulinso malimba opopa ndi mapazi amene adangotayidwa chifukwa cha kachinthu kakang'ono. Mwa achinyamata amene mukuwaphunzitsa, pezanimo a manja aluso, a ukalipentala kapena zamagetsi, amene angaphunzire ntchito yokonza.

Ntchito zimenezi mpingo umodzi pawokha sungazithe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anzathu kunja adaziona kale zimenezi. Ku London oyimba limba adayambitsa bungwe lawo mu 1864, lomwe lero ndi Royal College of Organists, ndipo limalembetsa mayeso. Ku America, American Guild of Organists idayamba mu 1896, ndipo mphamvu zake zili m'nthambi za m'mizinda, magulu aang'ono ngati lanuli. Royal School of Church Music idayamba mu 1927. Sitikufuna kuwatengera zonse, koma tiphunzirepo chimodzi: adakhazikitsa masitepe omveka bwino, kuti wophunzira azidziwa pamene ali ndi pamene akupita. Inunso konzani magawo a maphunziro, yesani ophunzira anu, apatseni satifiketi imene mpingo uliwonse ungayikhulupirire.

Tsopano ndiyankhule ndi abusa, ansembe ndi akulu ampingo. Bambo anga ndi amayi anga mwa Ambuye, pokonza bajeti ya chaka chamawa, ikanimo mzere wa maphunziro a nyimbo. Wapalimba wanu amafika m'tchalitchi anthu onse asanafike, amakhalapo pa mapemphero onse, pa ukwati ndi pamaliro, ndipo pakati pa sabata amakhala ku pulakatisi. Ambiri amachita zimenezi mongodzipereka, ndalama ya minibasi akuchotsa m'thumba mwawo. Ngati simungathe kumulipira, mulipirireni maphunziro. Tsegulaninso zitseko za tchalitchi pakati pa sabata kuti ana aziphunzira. Kiyibodi yokhomeredwa m'kabati kuyambira Lolemba mpaka Loweruka siphunzitsa munthu.

Kwa makolo, m'mera mpoyamba. Mwana amene wayamba manotsi ku Sande sukulu kapena ku Tilitonse amaphunziranso kumvetsera, kusunga nthawi ndi kugwira ntchito ndi anzake. Musamuletse poganiza kuti nyimbo zimusokoneza sukulu. Ndipo ndifunse: m'makwaya athu ambiri amayi ndi atsikana ndiwo ochuluka, nanga bwanji pa limba ndi kutsogolo kwa kwaya timangoona abambo? Zala za mtsikana zili khumi ngati za mnyamata. Pa mfundo imeneyi, Wapampando, ine ndi banja langa tikulonjeza kulipirira atsikana awiri maphunziro onse a chaka chino. Komiti yanu iwasankhe, ndipo ndikupempha ena amene Mulungu wawadalitsa muno kuti achitenso chimodzimodzi.

Kwa inu akatswiri amene mwakhala pa limba zaka zambiri, tikukulemekezani. Koma luso limene mudalandira kwa aphunzitsi anu ndi ngongole, ndipo ngongoleyo imabwezedwa kwa mwana amene akukuyang'anitsitsani zala Lamulungu lililonse. Musaope kuti akadziwa akulandani mpando. Tsiku limene mudzadwale kapena kusamuka, mpingo usadzakhale chete. Pempho langa n'lakuti aliyense wa inu, chaka chino chisanathe, akhale ndi wophunzira mmodzi amene angathe kutsogolera mapemphero onse payekha.

Kwa inu ophunzira, bwerani ndi kope ndi pensulo, fikani pa nthawi yake, funsani pamene simunamve, ndipo mukabwerera kumipingo yanu mukagawireko anzanu.

Ndi mawu amenewa, Wapampando, ndikulengeza kuti maphunziro a oyimba limba ndi aphunzitsi a makwaya atsegulidwa. Mulungu adalitse bungwe lanu, adalitse mipingo yathu ndi dziko lathu la Malawi.