SAFUNSA ADADYA PHULA: MAU KWA OMETA NDI OLUKA TSITSI

Nkhani ya lero ikuchokera m'dera la Mfumu Yaikulu Malenga Chanzi, m'boma la Nkhotakota, m'mbali mwa Nyanja ya Malaŵi. Munthu woyenda mumseu wa M5 akafika pa Boma amaona masaluni ndi tinyumba tometeramo, tina tokhala ndi kalilole mmodzi, benchi ndi makina ometera basi. Achinyamata ambiri kumeneko akudalira chipeso ndi lumo monga momwe makolo ao adadalira ukonde ndi mpunga. Komatu luso la manja palokha silisunga kasitomala. Chimene chimamsunga ndi zokambirana zoyambirira, dzanja lisanakhudze mutu.

Mfundo imeneyi si yatsopano ai. Madam C. J. Walker, mayi wachikuda wa ku America amene adamwalira mu 1919, adalemera ndi malonda a mafuta a tsitsi. Iye adaphunzitsa amayi zikwizikwi kusamala khungu la m'mutu ndi kulankhula bwino ndi ogula, ndipo mu 1917 adawaitanira ku msonkhano waukulu ku Philadelphia. Muno m'Malaŵi, lamulo la mu 1999 lidakhazikitsa bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Ngakhale zili tero, oluka ndi ometa ambiri amaphunzira poonerera achibale, motero amatola za manja zokha, za pakamwa nazisiya.

Maphunziro a kalandiridwe ka kasitomala ali ndi mfundo zitatu. Yoyamba ndi kufunsa. Atatha malonje, woluka waulemu amati: "Amayi, mudaika liti mankhwala owongola tsitsi? Kodi dayi adayamba wakuyabwanipo?" Mafunso aŵa ali ndi chifukwa chake. Mankhwala ambiri owongola tsitsi ali ndi sodium hydroxide, amene amawotcha khungu. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, tsono kubwereza mankhwalawo pasanathe masabata 6 mpaka 8 kumathothola tsitsi lakale. Nayenso dayi wakuda amatupitsa nkhope ya anthu ena. Nchifukwa chake amayamba wapakidwa pang'ono kuseri kwa khutu, nadikira maola 48.

Yachiŵiri ndi kuyang'ana. Wometa apatule tsitsi poŵala, aone ngati muli zilonda, mfundu, nsabwe kapena chipere. Chipere chimayenda ndi makina ndi zipeso, makamaka pakati pa ana asukulu. Akachiona, atengere kholo pambali nanene motsitsa mau kuti, "Bambo, mwanayu ayambe waonedwa kuchipatala." Chimodzimodzinso woluka akaona kuti tsitsi la pachipumi layamba kutha, adziŵe kuti zingwe ndi meshi zomangitsa kwambiri zimazula tsitsi, ndipo dazi lotere likakhalitsa silimeranso. Kubweza ndalama za tsiku limodzi nkwabwino kusiyana ndi kuononga mutu wa munthu.

Yachitatu ndi kunena mtengo ndi nthaŵi ntchito isanayambe. Mikangano yambiri ya m'saluni imabuka pomaliza, mayi atakhala pampando maola anayi, nkumva mtengo umene sadauyembekeze. Kunyanja ndalama zili ndi nyengo yake. Zimachuluka mpunga ukakololedwa ndi pamene usipa wagwidwa bwino. Zimasoŵa mphepo ya mwera ikatsekereza asodzi kumtunda m'miyezi yozizira. Woluka wanzeru amafunsa kuti, "Achemwali, mwakonzeka ndi zingati?" kenaka naonetsa malukidwe aŵiri kapena atatu olingana ndi thumba lao. Pa Eid, pa Khirisimasi ndi m'nyengo ya maukwati, amalemba m'kope maina ndi masiku, kuti wina asaime pakhomo tsiku lonse.

Tsono pali nkhani ya kugulitsa mafuta, shampu ndi zodzola. Phindu lake ndi labwino, koma mpamenenso pali chiyeso. Mafuta ena oyeretsa khungu ali ndi mercury, hydroquinone kapena mankhwala amphamvu ofunika chilolezo cha dokotala, ndipo amapyapyalitsa khungu ndi kusiya zipsera. Mercury amaononganso impso. Pangano la maiko la Minamata la mu 2013 lidaletsa zodzola zokhala ndi mercury wopitirira muyeso. Wogulitsa woona mtima amaŵerenga zolembedwa pa botolo, naona tsiku lothera mphamvu, nagulitsa chokhacho chimene mutu umene waupenda ukusoŵa.

Malenga Chanzi si mzinda waukulu umene munthu angabisalemo. Mayi wopsa m'mutu Loŵeruka amakhala atauza anzake kudooko, kumsika ndi kuchigayo lisanafike Lolemba. Nayenso wokondwa amabwera ndi mng'ono wake, mlamu wake ndi mkwatibwi wa m'mudzi mwao. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. M'saluni phulalo amadya ndi aŵiri: kasitomala amataya tsitsi, mwini malo amataya mbiri, ndipo tsitsi limamera msanga kuposa mbiri.