Mau a pa Phukusi la Nyama



Madzulo ano ndifuna kukamba za ndiwo. Loweruka lapitali ndinaperekeza amai a kunyumba ku msika wa Kabwata kukagula nkhuku ya alendo. Iwo sanafunse pepala liri lonse. Anainyamula nkhukuyo, nayesa kulemera kwace m'manja, nayang'ana maso ndi miyendo, nauzira nthenga kuti aone khungu. Atatero anati, "Iyi ndi ya kumudzi ndithu," ndipo analipira ndarama zoposa za buloila osadandaula konse.

Koma nyama yambiri ya masiku ano sifika kwa ife ndi nthenga zace. Kuyambira caka ca 1995, pamene Shoprite anatsegula sitoro yace yoyamba pa Cairo Road, anthu a ku Woodlands, Kabulonga ndi Chelstone azolowera nyama yodula kale, yokutidwa m'pulasitiki, yogona m'firiji. Pamenepo diso la amai liribe mphamvu. Cotsala ndico mau olembedwa pa phukusi.

Anthu a ku Ulaya anakomana nalo kale bvuto limeneli, ndipo anapanga zizindikiro zonena m'mene ciweto cinasungidwira cisanaphedwe. Ku Holland, mu 2007, bungwe loteteza nyama linayamba cizindikiro ca Beter Leven, ndiko kunena moyo wabwinopo. Amaika nyenyezi pa phukusi, imodzi, ziwiri kapena zitatu. Nkhuku ya nyenyezi imodzi iyenera kukhala ya mtundu wokula pang'onopang'ono, kukhala ndi malo okulirapo m'khola, ndi kufika masiku 56 isanaphedwe, pamene buloila wamba amaphedwa pa masabata 6. Ndipo alipo anthu oyendera makola kuona ngati mlimi acitadi zimenezo.

Kodi ogula anatsata nyenyezi? Ena anatsata. Koma ambiri, kuno ndi kutsidya lomwe, amanena za cifundo pakamwa, ndipo pofika polipira cikwama ndico cimaweruza. Zinthu zinasintha kwambiri pamene masitoro akuru a ku Holland analonjeza, mu 2021, kuti pofika kumapeto kwa 2023 sadzagulitsanso nkhuku yaiwisi yopanda nyenyezi. Nkhuku yotsika mtengo ija inangocoka pa thebulo, ndipo wogula analibenso cosankha.

Nanga ife tiri ndi zizindikiro zotani? Ciripo cidindo ca woyesa nyama, cimene cimasonyeza kuti nyamayo inaonedwa ndipo siinapezeke ndi nthenda. Cimeneci musacipeputse. Mu 2023 nthenda ya anthrax inabuka ku Sinazongwe, ndipo pofika pa 20 November anthu 684 anaganiziridwa kuti aitenga, anai namwalira. Ambiri anali atasenda kapena kudya nyama ya ziweto zofa zokha. Alipo mau akuti Halaal, onena kuti ciweto cinazingidwa monga mwa cilamulo ca Cisilamu. Koma cidindo ndi Halaal yemwe sizitiuza m'mene ciwetoco cinakhalira masiku ace onse.

Mau amodzi okha amene amanena za moyo wa ciweto, ndi amene amatsegula cikwama ca munthu wa mu Lusaka, ndiwo aja amai ananena: ya kumudzi. Nkhuku yotere inapalasa pa dzala, inatola ciswe, inathawa kabawi, ndipo inatha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi isanafike pa mpeni. Tisadzinyenge: sitiigula cifukwa ca cifundo ai, koma cifukwa ca msuzi wace ndi fupa lolimba. Ngakhale ziri tero, zimene lilime likufuna ndi zimene nkhuku ikufuna zagwirizana pamenepa.

Cobvuta ndi ici. Mau awa ali yense angathe kuwanena, ndipo ikakhala yosola kale simungatsutse. Masiku ano kuli mitundu yonga Sasso ndi Kuroiler, ya nthenga zamawanga ngati za kwathu, imene ambiri amaisunga m'khola ndi cakudya ca m'thumba, nikula msanga. Ndi nkhuku zabwino, ndipo mlimi wozicha dzina lao leni-leni salakwa. Koma wozicha za kumudzi kuti akweze mtengo akugulitsa mudzi umene nkhukuyo siinauone.

Ndiponso dzina la mudzi silinena kanthu za ulendo. Tonse taziona nkhuku zolendewera cadodolido pa njinga, dzuwa liri pamutu, ndi mbuzi zomangidwa miyendo zothinana m'lole popita ku Chibolya. Lamulo loletsa kuzunza nyama liripo m'dziko muno, Mutu 245 wa malamulo a Zambia, ndipo linalembedwa kale m'masiku a atsamunda. Koma ndi angati a ife amene tinaona munthu akufunsidwa za ilo pa mseu?

Wina adzati, "Ha, bambo, ciweto copita kukafa cisamalidwe bwanji?" Funsani wa buchala wodziwa nchito yace. Ng'ombe imene yatopa, yamenyedwa, yakhala ndi mantha nthawi yaitali isanaphedwe, nyama yace imada, imauma, ndipo imaonongeka msanga, pakuti mphamvu ya m'minofu imene ikadaisunga yatha kale. Pamene ndodo inagwa pamakhala magazi oundana. Inu amene mulibe firiji, kapena amene magetsi amakuthimirani, ndinu oyamba kutaya ndarama pa nyama yotere.

Nkhuku yathu ija inali ya kumudzi ndithu; amai sanaphonye. Koma posola anapeza mwendo umodzi utabiriwira ndi kutupa pamene panadutsa cingwe, ndipo anaudula nauponyera garu. Alendo anadya nchafu imodzi.

Tsalani bwino, anzanga, tidzamvananso sabata ya mawa.