Kuwedza Ncheni pa Madzi Akuya: Mau kwa Asodzi a ku Karonga

Awa ndi mau amene mthandizi wa ku ofesi yofalitsa nkhani analankhula kwa asodzi ndi aphunzitsi a m'mbali mwa nyanja m'boma la Karonga. Tawalemba muno kuti amene sanalipo awerenge.

Poyamba ndipepese pa zinthu ziwiri. Ndilankhula m'Chichewa pamene ambiri a inu kunyumba mulankhula Chinkhonde kapena Chitumbuka, chotero amene akumva bwino athandize anzao. Ndiponso ine ndine mwana, nkhafi ndinaigwira nditatha kale sukulu, ndipo pano pali madoda amene anayamba kupalasa bwato ine ndisanabadwe. Zimene nditi ndinene ndinazitola kwa asodzi anzanu ndi m'mabuku a anthu amene anayesa nyanja yathuyi. Pamene ndalakwa mundikonze.

Inu nonse mudziwa kuti nsomba za kufupi ndi gombe zachepa. Mtundu wina wa chambo uli ndi dzina la boma lathu lino m'mabuku a akatswiri, pakuti m'chaka cha 1941 anaucha Tilapia karongae, ndipo lero auchula Oreochromis karongae. Koma m'chaka cha 2018 chambo chomwecho chinalembedwa pamodzi ndi zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Tsono mnyamata amene alibe ndarama zogulira chilimira ndi injini aona ngati njira yatsala imodzi yokha, ndiyo kusoka maneti a udzudzu ndi kukokolola tiana ta nsomba m'mphepete. Lamulo liletsa zimenezi, ndipo liletsa bwino. Koma mnyamatayo akaletsedwa afunabe ndiwo madzulo ake. Ndicho chifukwa chake ndadza kudzanena za mbedza, ndi za nsomba zimene ziri kutali ndi gombe, kumene neti ya udzudzu siifika.

Akatswiri a za nsomba anayesa nyanja ya kumpoto kuno m'zaka za 1954 ndi 1955, atamanga msasa wao ku Nkhata Bay. Ena anadzayesanso pakati peni-peni pa nyanja kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, akuchokera ku Senga Bay ndi sitima yokhala ndi makina oona nsomba pansi pa madzi. Iwowa anapeza kuti nsomba zochuluka koposa kumeneko ndi ndunduma, ndipo ncheni nazonso ziriko zambiri. Ncheni, imene ikakula ambiri kuno muicha batala, ndiyo tifuna ife, pakuti ndi nsomba yolusa, ya mano akuthwa, yodya usipa. Nsomba yothamangira chamoyo sibvuta kuinyenga ndi chinthu chong'anima chimene chikuyenda ngati usipa wobvulala.

Koma taonani bvuto lake. Nyanja yathu pamalo ake akuya koposa ifika mamita 700, ndipo malowo ali mbali yino ya kumpoto. Kupitirira mamita 200 kapena 250 kunsi, madzi alibe mpweya umene nsomba zipuma, chotero kulibe nsomba. Ngakhale pamwamba pa malire amenewa, nsomba sizimwazikana ponse-ponse ai. Tizilombo tating'ono ta m'madzi, pamodzi ndi mphutsi za nkhungu zija muziona zikufuka ngati utsi pa nyanja, tikwera usiku ndi kutsika kukacha. Usipa utsata chakudya chake, ncheni itsata usipa. Mwa ichi ncheni zikhala pa msinkhu umodzi wa madzi nthawi yina, ndi pa msinkhu wina nthawi yina. Anthu awiri akhoza kukhala m'bwato limodzi, nyambo imodzi-modzi, wina nkumakoka nsomba, mnzake osalumidwa konse. Kawiri-kawiri wosalumidwayo aganiza za mankhwala. Chimene chachitika ndi chakuti mbedza yake iri mikwamba 10 pamwamba pa nsomba, kapena pansi pake. Nzeru yonse ya kawedzedwe aka iri pa kupeza msinkhu umenewo ndi kubwererapo.

Chifukwa chake chida choyamba ndicho chingwe chokhala ndi zizindikiro. Pezani chingwe cha nayiloni cha mikwamba 60. Mkwamba ndi kutambasula manja onse awiri, ndiwo pafupi-fupi mamita awiri kwa munthu wamkulu. Pa mikwamba isanu iri yonse mangani kaulusi kolimba, ndipo musinthe maonekedwe ake, kofiira, koyera, kakuda, kuti mudziwe pamene mwafika osawerenganso kuyambira pachiyambi. Amene awedza mbanda kucha amange mfundo za ulusiwo mosiyana, kuti chala chizizindikira mumdima. Chingwecho muchikulunge pa kathabwa kosemedwa mphanda mbali zonse ziwiri, ndipo kathabwako kamangidwe ku bwato.

Chachiwiri ndicho chitsulo chonyengera. Za m'sitolo ziripo koma nzodula, ndipo ncheni siifunsa mtengo. Chigwiriro cha supuni yakale yolemera chichita bwino, kapena kachidutswa ka nsimbi kotalika ngati chikhato, kosulidwa kuti kakhale kaphanthi pang'ono. Boolani mbali zonse ziwiri, kumwamba kwa chingwe, kunsi kwa mbedza, ndipo muchikweche ndi mchenga kapena phulusa kufikira chiwale. Kuphanthi kwake ndiko kuchititsa kuti potsika chizigwa chopepeluka uku ndi uku, monga achitira usipa umene watsala pang'ono kufa. Chikhale cholemera magalamu 100 kapena 150, ndipo tsiku la mphepo chiposepo. Pamwamba pa chitsulocho mukhoza kumanga mbedza zina ziwiri kapena zitatu pa tinthambi tatifupi, motalikirana mkono umodzi, iri yonse ndi kanthenga koyera ka nkhuku kapena kachidutswa ka usipa wauwisi. Musachulutse mbedza. Zikapitirira zinai zikolana zokha-zokha, ndipo nthawi imene nsomba zikudya muitaya pomasula mfundo. Mkwamba wotsiriza wa chingwe muziuyang'ana nsomba iri yonse ikatuluka, pakuti mano a ncheni aupala pang'ono-pang'ono, ndipo udzaduka tsiku limene yaluma yaikulu.

Ndinenepo za mtobvu. Ndaona anyamata akuswa mabatire akale a galimoto ndi kusungunula mtobvu wake pa moto kuti apange zolemetsa chingwe. Utsi wake ndi poizoni, uononga ubongo makamaka wa ana ang'ono. Musausungunulire m'nyumba, kapena m'chiwiya chimene mudzaphikiramo, ndipo musaufinye ndi mano pa chingwe. Bauti lakale la njinga yamoto kapena pulagi yakutha ya injini zimiza chingwe chimodzi-modzi.

Tsopano kawedzedwe kake. Mukafika pa malo, tsitsani chitsulo kufikira mikwamba 10. Kwezani dzanja msanga kuchokera pa bondo kufika pa phewa, kenaka litsitseni motsatira chingwe, osachiponya, kuti chitsulo chigwe mwa kulemera kwake koma inu mukuchimvabe pa chala. Imani pang'ono ngati mupuma kamodzi, nimubwerezenso. Mukachita chotero kakhumi kapena kakhumi ndi kasanu osamva kanthu, onjezani mikwamba isanu, nimuyambenso. Pitirizani kufikira mikwamba 40 kapena 50. Mukakhala awiri, mmodzi ayambire pamwamba kutsika, wina ayambire pansi kukwera, ndipo amene walumidwa anene msanga chizindikiro chake kuti mnzake afike pomwepo. Pano ndidziwa kuti ndakhudza pobvuta, pakuti msodzi sakonda kuulula. Koma ncheni ziyenda m'magulu ndipo gulu silikhalitsa pansi pa bwato. Zingwe ziwiri pa msinkhu woyenera zikoka zambiri gululo lisanapite.

Chimene ambiri alakwa ndi ichi. Ayembekeza kuti nsomba iluma pamene akukweza, ndipo pamene chitsulo chikutsika alekerera chingwe ndi kuyang'ana kumbali. Koma nthawi zambiri nsomba igwira chitsulo chikugwa, chifukwa pamenepo ndi pamene chioneka chofoka. Kuluma kwake sikukhala kukoka iai. Mungomva kuti chingwe chapepuka mwadzidzidzi, kapena chaleka kutsika chisanafike pamene chinafika poyamba. Pamenepo kokani kamodzi mwamphamvu, chifukwa nsomba ikazindikira kuti yaluma chitsulo ilabvula nthawi yomweyo. Ikakodwa, kokani mosalekeza, dzanja ndi dzanja, osathamanga ndiponso osapumira, ndipo chingwe muchigwetsere m'beseni kapena pa malo oyera m'bwato kuti chisakole mapazi. Musanayambe kukoka, onani chizindikiro chimene chiri pa madzi. Mukaiwala pamenepo mwataya chimene munachibvutikira.

Ine tsiku langa loyamba ndinakulunga chingwe pa chala kuti chisandipulumuke. Mkulu amene ananditenga anandiuza kawiri kuti ndimasule, ine osamva, poti ndinadziona wophunzira. Italuma nsomba yaikulu, nayiloni inandicheka kufikira magazi, ndinataya chingwe, ndipo kathabwa kanali kosamanga. Zonse zinapita, chingwe cha mwini wake, chitsulo ndi nsomba yomwe. Mkuluyo sananene kanthu, anangopitiriza kuwedza, ndipo ulendo wobwerera kugombe unanditalikira kwabasi. Chingwe chigone pa chala chamkomba-phala, osachizunguliza, ndipo chalacho muchibveke kachidutswa ka chubu cha njinga.

Kawedzedwe aka kafuna kuti chingwe chiime chiriri pansi pa bwato. Mphepo kapena mkokomo wa madzi zikamakankha bwato, chingwe chipendekeka, ndipo zizindikiro zanu ziyamba kunama: mwatsitsa mikwamba 30 koma chitsulo chiri pa 20. Pa madzi akuya chotere nangula safika pansi. Tsono mmodzi agwire nkhafi, azipalasa pang'ono-pang'ono moyang'ana kumene mphepo ikuchokera, kapena mumange thumba lotsegula kukamwa ku mutu wa bwato ndi kuliponya m'madzi kuti lichepetse kutengeka. Malo amene mwapha bwino muwasunge ndi maso. Onani zinthu ziwiri za kumtunda zimene zalunjikana, monga mtengo waukulu ndi nsonga ya phiri kumbuyo kwake, ndi zina ziwiri mbali yina. Pamene zonse zalunjikananso, mwabwerera pa malo anu.

Gombe lathu silifanana lonse. Kuyambira ku Kaporo kufika ku Karonga pa boma, mitsinje yathira mchenga ndi matope, chotero madzi akuya ali patali ndipo mupalasa nthawi yaitali. Cha ku Chilumba kuli miyala ndi zirundu za pansi pa madzi, kumene utaka usonkhana ndipo nsomba zolusa zidza kudzausaka. Pa miyala yotere mukhoza kufuna kampango. Iye akhala pansi ndipo adya kukada, chotero tsitsani kufikira chitsulo chigunde pansi, kwezani mkwamba umodzi, ndipo muzigwedeza mofatsa, mbedza iri ndi nyambo yeni-yeni ya usipa kapena utaka. Cholemetsa muchimange ndi kachingwe kofoka kuposa chingwe chachikulu, kuti chikakodwa m'miyala mutaye bauti lokha. Nyengo ya mvula, pamene Songwe, Lufilya ndi North Rukuru zatsitsa madzi ofiira, chitsulo chong'anima chiribe nchito kufupi ndi mathiriro ao, chifukwa nsomba siichiona. Pitirirani kufikira madzi ayere, kapena bwererani ku nyambo ya fungo.

Za mwera sindingakuphunzitseni, koma aphunzitsi ndi anyamata amve. Kuyambira mwezi wa May kufikira August mphepo imeneyi ichokera kum'mwera, ndipo pofika kuno yayenda pa madzi makilomita oposa 500, mafunde ake atakula. Kuwedza ncheni kutengera munthu kutali ndi gombe m'bwato laling'ono. Nyamukani kusanache, pamene nyanja iri bata ndiponso ncheni zikali pamwamba, ndipo mukaona mzere wakuda pa madzi cha kum'mwera kulungani chingwe ngakhale zikudya. Musapite nokha. Tengani chokapira madzi, ndipo mumange chigubu chopanda kanthu chotseka bwino m'bwato, chimene munthu akhoza kuchigwira bwato likagubuduzika. Kunyumba adziwe mbali imene mwalowera.

Sindikunamizani kuti mbedza idzadzaza bwato monga chilimira chichitira usiku wabwino. Masiku ena mudzabwera ndi nsomba zitatu, ena opanda kanthu. Koma zida zonsezi mtengo wake sufika pa mtengo wa ukonde umodzi, simugula mafuta, ndipo zimene mupha ndi nsomba zazikulu zimene ogula a pa mseu wa M1, monga pa Ngara paja, azifuna. Ncheni iri ndi mafuta ambiri ndipo ibvunda msanga pa dzuwa. Iphimbeni ndi thumba lonyowa m'bwato momwemo, isagone m'madzi a pansi pa bwato, ndipo imene simugulitsa m'mawa womwewo muitumbule ndi kuiwamba lisanapendeke dzuwa. Mukaona kuti pa msinkhu wina zikuluma zazing'ono zokha-zokha, sinthani msinkhu kapena malo, pakuti nsomba yokokedwa kuchokera pakuya itupa mimba ndipo kawiri-kawiri siikhala moyo ngakhale muibweze.

Kwa aphunzitsi ndiri ndi pempho. Ana a asodzi amene ali m'makalasi apamwamba apatseni kope limodzi, azilembamo tsiku, nthawi, mmene mwezi unaliri kumwamba, malo, ndi mikwamba imene atate ao anapezapo nsomba. Imeneyi ndi masamu ndithu, ndipo chaka chikatha mudzi udzakhala ndi buku lake losonyeza pamene ncheni zikhala mwezi ndi mwezi. Kopelo lisungidwe ndi komiti ya pa gombe, ndipo alangizi a za nsomba akadza muwaonetse.

Ndabwera ndi ulusi wa mitundu itatu ndi zitsulo ziwiri zosula kale. Amene ali ndi chingwe abwere nacho mawa m'mawa pa gombe pano, tidzayese mikwamba ndi kumanga zizindikiro pamodzi. Tsopano ndikhala pansi kuti madoda anene pamene ndaphonya.