MAWU A MLEMBI WA NTHAMBI PA ZA NTHENDA YA CHIWINDI



Tathokoza kuti mwasiya makasu ndi kudza pano. Mwezi watha tinaika m'manda mmodzi wa ife, munthu wolimbika pa ntchito za nthambi ino. Anatupa mimba, maso anachita chikasu, ndipo pamaliro ena ananong'onezana za ufiti. Koma madokotala anati chiwindi chake chinaonongeka ndi kachilombo kotchedwa Hepatitis C. Lero tifuna kuti tonse tikadziwe kachilomboka.

Kachilombo aka kanadziwika m'chaka cha 1989. Kuipa kwake n'kwakuti kamakhala phee m'thupi zaka 20 kapena 30, munthu akulima ndi kudya bwino, pamene chiwindi chilikuuma pang'onopang'ono. Bungwe la WHO linati mu 2022 anthu pafupifupi 50 miliyoni anali nako pa dziko lapansi. Sikasankha: kamalowa m'nyumba za mipanda ku Area 10 monga momwe kaloweramo m'nyumba zathu za udzu.

Njira yake yaikulu ndi magazi. Lumo limodzi lotemera mphini anthu asanu, jekeseni wa munthu wosaphunzira za mankhwala, mpeni wometera wosaphikidwa, zonsezi zingathe kukanyamula. Sikafala pogwirana chanza kapena podyera mbale imodzi, kotero tisasale odwala.

Tamverani za dziko la Egypt. Kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1980 anthu a kumidzi kumeneko anabayidwa mankhwala a likodzo ndi majekeseni osaphikidwa bwino, ndipo nthendayi inafalikira koopsa. Koma sanagonje. Kuyambira 2014 anayeza anthu oposa 60 miliyoni napereka mankhwala kwa oposa 4 miliyoni, ndipo mu 2023 WHO inalemekeza dzikolo chifukwa cha ntchitoyi. Ngati alimi a m'mbali mwa Nile anapita kukayezetsa, ife titsalirenji?

Pakuti nthendayi imachizika. Katemera wake palibe. Katemera amene ana athu alandira kuyambira 2002 ndi wa Hepatitis B, mtundu wina umene uli wochuluka kuno kwathu. Koma alipo mapiritsi amene, akamwedwa milungu 12 kapena 24, amachiza anthu oposa 95 mwa 100 aliwonse. Kuyeza kuli pawiri: koyamba kuonetsa ngati kachilomboka kanalowapo m'thupi, kwachiwiri ngati kadakalimo, pakuti mwa ena thupi limakachotsa lokha.

Chifukwa chake tipempha zinthu zitatu. Choyamba, amene munatemedwapo mphini ndi lumo la gulu, kapena munabayidwapo kunja kwa chipatala, mukapita ku Lilongwe kukagulitsa mtedza ku msika wa Old Town, chipatala cha Bwaila chili pafupi: lowani, mufunse za kuyezetsa chiwindi. Akakutumizani ku Kamuzu Central, pitani ndithu. Chachiwiri, popita kwa wometa kapena ku chinamwali, munthu aliyense lumo lake. Chachitatu, tilembe kalata ku Unduna wa Zaumoyo ku Capital Hill, yosainidwa ndi mafumu, kupempha kuti kuyeza kufike pa chipatala chathu chaching'ono tsiku la 28 July, limene dziko lonse limakumbukira matenda a chiwindi.

Mnzathu uja akadayezetsa zaka zisanu zapitazo, mwina lero akadakhala nafe pansi pa mtengo uno. Kalatayo ili ndi ife. Msonkhano ukatha, mafumu ayambe kusaina.