IFENSO TINGATHE KULEMBA BUKU



Tinayamba ndi zilembo. Kenaka tinalemba maina athu. Tsopano ambiri a ife tikutha kulemba kalata kwa mwana amene ali ku Tete kapena ku Beira, ndipo yankho likabwera timawerenga tokha. Lero tikambirana za ntchito yoposa kalata: kulemba buku la nkhani yaitali yopeka. M'Chipwitikizi buku lotere amalitcha romance.

Ena akuseka kale. Akuti, "Ife ogwira khasu tilembe buku?" Tisafulumire kuseka. Tonse tinakula ndi nthano. Agogo akati "Padangokhala", ife tinkayankha kuti "Tili tonse", ndipo palibe amene ankapita kukagona nthano isanathe. Luso limenelo ndilo maziko a buku. Paulina Chiziane anabadwa mu 1955 ku Manjacaze, m'chigawo cha Gaza. Mu 1990 anakhala mayi woyamba wa m'Mozambique kusindikiza buku la mtundu umenewu, ndipo mu 2021 analandira mphoto ya Camões, mphoto yaikulu ya olemba m'Chipwitikizi. Koma iye amadzitcha wokamba nthano, ndipo amati sukulu yake yoyamba inali pamoto, madzulo. Sukulu imeneyo ifenso tinaphunziramo.

Kusiyana kwake n'kotani? Nthano imatha usiku umodzi, ndipo Kalulu amakhala wochenjera kuyambira poyamba mpaka pomaliza. M'buku munthu amasintha. Timayenda naye miyezi kapena zaka, ndipo pofika patsamba lomaliza sali monga tinamupezera.

CHOYAMBA: MUNTHU NDI VUTO LAKE

Buku limayamba ndi munthu amene akufuna chinthu, koma pali chomutchinga. Popanda vuto palibe nkhani.

Mu 1933, mphunzitsi wina wa ku Malawi, Samuel Josia Ntara, anatulutsa buku lotchedwa Nthondo. Analilemba m'Chinyanja chathu chomwechi. Iye sanafune mfumu ya kutali kapena mzinda wachilendo. Anatenga mwana wa m'mudzi n'kumutsata kuyambira kubadwa mpaka imfa: kulakwa kwake, ulendo wake wokafuna ntchito, kubwerera kwake ndi kusintha kwa mtima wake. Chaka chotsatira, mu 1934, bukulo linamasuliridwa m'Chingerezi, ndipo anthu a kutsidya kwa nyanja anawerenga za mudzi wonga wathu.

Tiyerekeze nafenso. Titenge mayi wamasiye, timutche Nabanda. Akufuna kuti mwana wake wamkazi apitirize sukulu. Koma mlongo wake wa Nabanda, amene ndi malume a mwanayo, walonjeza kale kwa mwamuna wina wa chuma. Kunyumba chimanga chatha, ndipo mwamunayo wabwera ndi matumba awiri. Nabanda atani? Tikangofunsa funso limeneli, buku layamba.

Munthu wathu tiyenera kumudziwa monga mnansi. Amaopa chiyani? Amabisa chiyani? Akakwiya amalankhula kapena amangokhala chete? Tisamupange mngelo, chifukwa m'mudzi mulibe angelo. Malume ajanso tisawapange chilombo. Mwina iwonso akuopa njala. Owerenga akamvetsa mbali zonse ziwiri, mtima wawo umagwidwa.

CHACHIWIRI: POYAMBIRA

Tisayambe ndi mbiri ya makolo onse a Nabanda. Tiyambe tsiku limene zinthu zasokonekera. M'buku la Niketche, limene Paulina Chiziane anatulutsa mu 2002, nkhani imayamba ndi kanthu kakang'ono: mwana waswa galasi la galimoto ya munthu. Mayi wake, Rami, ayenera kuyankha mlandu yekha chifukwa mwamuna wake, Tony, sali pakhomo. Ali kuti? Pofufuza, Rami akupeza kuti mwamunayo ali ndi akazi ena anayi. Galasi limodzi latsegula nkhani ya banja lonse. Ifenso tiyambe pamene matumba awiri aja akutsitsidwa pakhomo pa Nabanda.

CHACHITATU: MIZATI YA NKHANI

Pomanga nyumba timayamba taimika mizati, kenaka phaso, udzu pambuyo. Buku nalonso limafuna mizati. Tisanalembe, titenge tsamba limodzi n'kundandalika zinthu zazikulu 10 kapena 12 zimene zidzachitike. Chilichonse chidzakhala mutu umodzi. Mutu uliwonse ubale unzake: Nabanda akakana matumba m'mutu woyamba, m'mutu wachiwiri ana agone ndi njala chifukwa cha kukanako. Mutu umene tingauchotse popanda nkhani kugwa, si mzati.

Onani mmene Mia Couto, wolemba wa ku Beira, anamangira buku lake la Terra Sonâmbula mu 1992, chaka chimene nkhondo inatha m'dziko lathu. Nkhalamba Tuahir ndi mnyamata Muidinga akuthawa nkhondo, ndipo akubisala m'basi yopsa pamsewu. Pafupi ndi mtembo akupeza makope olembedwa ndi munthu wotchedwa Kindzu. Mnyamatayo amawerengera nkhalambayo makopewo. Choncho bukulo limayenda ndi miyendo iwiri: mutu wa m'basi, kenaka kope la Kindzu, kenaka m'basi, kenaka kope, mpaka nkhani ziwirizo zikumana pamapeto. Taonaninso kuti chimene chinawapatsa mphamvu anthu awiriwo ndi makope amene munthu wamba analemba ndi dzanja lake.

CHACHINAYI: TIONETSE NDI MASO

Tikalemba kuti "Nabanda anali wosauka", owerenga amva koma saona. Tilembe kuti Nabanda anakutumula thumba la ufa kawiri, nathira madzi ambiri mumphika kuti phala likwanire ana atatu, iye n'kunena kuti wadya kale. Mawu akuti umphawi sitinawatchule, koma aliyense wauona.

Anthu athu alankhulenso monga amalankhulira kwathu. Mkamwini salankhula ndi apongozi ake monga amachitira ndi mnzake wa pabawo. Mwana sayankha malume ake mwachindunji. Titchere khutu kuchigayo, kudambo, pamaliro ndi pabwalo la milandu. Kumeneko ndiko kuli mawu a buku lathu.

CHACHISANU: KUPALIRA

Munda sulimidwa kamodzi. Timagalauza, timabzala, timapalira, timabandira. Kulemba koyamba ndi kubzala chabe. Tisaime chifukwa choopa kulakwitsa zilembo. Tilembe mpaka mutu uthe. Pakapita masiku, tiwerenge mokweza pamaso pa anzathu. Pamene ayamba kuyasamula, pamenepo pali udzu wofunika kuzula. Pamene afunsa kuti "Ndiye zinatha bwanji?", pamenepo pali mbewu yabwino. Mutu umodzi susenza denga, choncho tisakwiye anzathu akatidzudzula.

Nanga nthawi tiipeza kuti? Tsamba limodzi patsiku likwanira. Tikayamba tsiku lobzala chimanga, pofika masiku 120 tidzakhala ndi masamba 120. Chimanga chikamakhwima, buku nalonso lakhwima. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

CHIFUKWA CHAKE N'CHIYANI?

Pakati pathu pali agogo amene anagwira chibalo, ndi amene ankakakamizidwa kulima thonje m'nthawi ya atsamunda. Pali amene anasamutsidwa pamene damu la Cahora Bassa linatseka madzi a Zambezi mu 1974. Pali amene anathawira ku Malawi m'zaka za nkhondo, pamodzi ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, nabwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 n'kupeza minda yasanduka thengo. Mabuku a mbiri amatchula zaka ndi chiwerengero. Koma satiuza chimene mayi ananyamula pamutu usiku wothawa, kapena chimene anasiya m'nyumba. Zimenezo akuzidziwa ndi iye yekha. Chaka chilichonse tikuika m'manda anthu odziwa zimenezi. Tikapanda kulemba, adzukulu athu adzamva za ife kuchokera kwa alendo, kapena sadzamva konse.

Mabuku ambiri a m'dziko lathu ndi a m'Chipwitikizi, ndipo n'kwabwino kuwawerenga. Koma a m'Chinyanja ndi ochepa. Anthu a ku Angónia, ku Macanga, ku Tsangano ndi a m'mbali mwa nyanja ku Niassa akudikira buku lolankhula monga iwo. Wolilemba angathe kukhala mmodzi wa ife amene takhala pamphasa pano.

NTCHITO YA SABATA INO

1. Tiganize za munthu mmodzi wopeka. Tilembe dzina lake, chimene akufuna, ndi chimene chikumutchinga.
2. Tilembe mizere 10 yofotokoza tsiku limene vuto lake linayamba.
3. Tikakumananso, aliyense adzawerenge mokweza, ndipo anzake adzanene pamene anafuna kumva zambiri.

Amene dzanja likadali lolemera asachite manyazi. Anene nkhani yake, mnzake alembe, mawa adzasinthane.

Khasu m'mawa, pensulo madzulo. Tiyeni tilembe!