Nandolo wa ku Phalombe ndi Njira ya ku Nyanja

Zikomo pondiitana kudzatsegulira nyumba yosungiramo nandoloyi.

Thumba likachoka muno limapita kuti? Lole imalinyamula pa Migowi kapena pa Chiringa n'kukalitula ku Limbe. Kumeneko nandolo amamupeta n'kumuthira m'makontena, ulendo wa kudoko la Nacala kapena la Beira ku Mozambique, kenako sitima ya pamadzi mpaka ku India. Aliyense wogwira thumbalo panjira amadulapo yake. Kontena ikagonera padoko, ndalama yolipirira malo imadzachotsedwa pa mtengo umene venda amakutchulirani pasikelo. Ndiye ngakhale ambiri a ife nyanja yamchere sitinaione, imatilowa m'thumba chaka ndi chaka.

Mukukumbukira 2017. Dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja, mtengo unagweratu, ena nandolo anawafumbwira m'nyumba. Chinadzatsegulanso msika ndi kukambirana: mu 2021 Malawi ndi India anagwirizana kuti tizitumizako matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu.

Koma msika wopanda njira ndi wachabe, ndipo njira yathu imadutsa kwa eni ake. Mu Okutobala 2010 malemu Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje, kuti sitima zizitsika Shire, kulowa Zambezi mpaka kunyanja. Maganizowo anali abwino, pakuti kale sitima za kampani ya African Lakes zinkayenda njira yomweyo kuchokera ku Chinde. Koma bwato la feteleza limene linkayembekezeka linaimitsidwa ndi boma la Mozambique, limene linati pafunika kaye kafukufuku wa mtsinjewo. Doko lilipo mpaka lero, sitima palibe. Simenti inathiridwa anansi asanavomere. Podutsa pakhomo pa mnzako umayamba waodira, ngakhale njirayo unazolowera.

Yerekezani ndi Nacala. Njanji yochokera ku Moatize imadutsa m'dziko lathu lino, pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi, motero a Mozambique amatifuna monga momwe ife timawafunira. Mu Okutobala 2023 atsogoleri a Malawi, Mozambique ndi Zambia anakumana ku Nacala, kutsegulira doko lokonzedwanso ndi kusaina mapangano a njira imeneyi. Mgwirizano umalimba aliyense akamadyapo.

Kwa akuluakulu a boma, pempho langa ndi ili: mapanganowo aoneke pachipata cha Muloza ndi cha Nayuchi, mapepala achepe, malole asagonere. Pokakambirana za njanji, kumbukirani kuti mabogi asamangonyamula malasha a ku Tete, nandolo ndi feteleza zipezenso malo.

Kwa inu alimi: wogula wa ku India safunsa za thumba limodzi, amafuna kontena yodzaza. Umitsani bwino, petani, musasakanize ndi miyala, gulitsani pamodzi. Mukatero mudzatchula mtengo ndinu. Mafumu athu, abale a ku Milange timamvana nawo Chilomwe, timakwatirana, timaikana maliro. Sungani ubale umenewo, chifukwa zimene atsogoleri amasaina zimayenda bwino pamene anthu a m'malire akukhala mwamtendere.

Ndi mawu amenewa, nyumba ino ndaitsegulira.